Ulusi Wakuda m'Kamlatho Kathu

Lachitatu, 12 Febuluwale 1997

Lero mtima wanga uli m'mwamba. Mvula yagwa masiku atatu, mtsinje wa Domasi wadzaza.

M'mawa ndinakayeza kamlatho kathu ka oyenda pansi. Poumba matabwa ake ndi simenti ndi khonje, ndinaika m'kati ulusi wakuda umene magetsi amadutsamo. Munthu akaponda, ulusiwo umakokeka, singano ya mita yanga yoyezera magetsi n'kusuntha, kenako imabwerera. Lero pa thabwa lapakati sinabwerere. Ndinayeza katatu.

Ndinaitana Che Saidi, amisiri amene anamanga kamlathoka, n'kuwauza kuti thabwalo liyenera kuti lili ndi mng'alu. Anagogoda ndi hamala, mpaka kudumphapo.

"Aphunzitsi, mng'alu uli pati? Mukukhulupirira ulusi kuposa maso anga?"

Ngati mng'aluwo ulipo, uli m'kati.

Mawa amayi awoloka kupita kumsika wa Songani, mitolo pamutu, ana kumsana. Choncho ndatchinga mlathowo ndi nsungwi. Njira inayo ndi yozungulira kwambiri, ndipo anthu ayamba kale kundinena. Pobwerera ndinapereka moni kwa Che Saidi, sanayankhe.

Mwina ndi mabatire a mita chabe, mwina ndawachititsa manyazi pachabe. Koma nsungwizo ine sindichotsa.