Tinazula Njanji ya ku Nakhwale

Lachinayi, 14 Okutobala 1993

Kope latsopano. Lakale linatsala ku kampu ya othawa nkhondo, ku Malawi, pamodzi ndi zaka zanga zisanu ndi ziwiri.

Lero msonkhano wa bungwe lathu, Abwenzi a Njanji, m'shedi ya fakitale yakale ya tiyi. Denga theka. Atsogoleri tilipo atatu, timaitanana kumpadre ndi komadre, chibale cha pa ubatizo wa ana. Akumpadre Faustino, amene ankayendetsa kasitima ka kampani nkhondo isanafike, ndiwo pulezidenti. Akomadre Belmira, amene bambo awo ankasonkhezera moto m'kasitimako, achiwiri awo. Ine Henrique, kalaliki wakale wa pa sikelo, mlembi. Mamembala ena khumi ndi anayi, obwera pakakhala tiyi wa shuga.

Kasitimako, Dona Roza, kali pomwe tinakasiya pothawa. Dzimbiri, mavu m'chumuni, mabowo atatu a zipolopolo. Anthu amatiseka kuti nyumba zathu zilibe zitseko koma tili kalikiliki kupukuta chitsulo chakufa. Aseke. Zonse zinapsa kuno, tchalitchi, sukulu, ngakhale manda a mayi sindikuwapeza. Chomwe chinatidikira ndi ichi chokha.

Akumpadre ayambanso nkhani ya amene adzakhale woyamba kukwera tsiku limene njanji idzayambenso ntchito. Iwo akuti administradoro, mkulu wa boma kuno. Ine ndikuti apadiri. Akomadre: "Yambani mwapeza mafuta a mawilo, kenako mukangane."

Lamlungu, 17 Okutobala

Misa pansi pa mtengo wa mango. Itatha, akomadre andipempha kuti ndiwalembere kalata, iwo cholembera sagwira. Yopita kwa Lucinda, mwana wawo, amene ndinamuimira pa ubatizo. Anatsala ku kampu kuti amalize maphunziro a zosoka. Abwera chaka chamawa, malinga ndi malole.

Iwo kunena, ine kulemba: ukatsika lole pa fakitale, tsata njanji mpaka ku Nakhwale kumene tamanga. Ponda pakati pa zitsulo ziwirizo. Usapatuke, ngakhale kukataya madzi. Pansi pa mawu akuti usapatuke ndadula mzere kawiri, mwa ine ndekha.

Njira yachidule ndi yomweyo basi. Kuchokera pa mlatho mpaka ku Nakhwale, udzu wa mbali zonse ziwiri uli ndi mabomba okwirira. Anatchera ndani, aliyense amaloza mnzake. Titangobwera mu Meyi, akumpadre anadzaza ngolo ya panjanji ndi miyala n'kuikankha ndi nsungwi yaitali mpaka kumapeto. Sipanaphulike kanthu. Chiyambire pamenepo amayi a mitolo, ana, njinga, onse pakati pa njanji. Mbuzi ya wina inapatuka mu Seputembala, tinaimva tili kuno. Ochotsa mabomba akadali ku msewu waukulu.

Dzanja langa likadali labwino. Akomadre anaiyang'ana kalatayo ngati nsalu ya m'sitolo.

Lachitatu, 3 Novembala

Atibera. Makwerero asanu ndi awiri, kumapeto kwenikweni, m'mudzi mwa Nakhwale.

Vuto la njanji yathu n'kuchepa. Ndi ya zidutswa, chilichonse mamita asanu, zitsulo ziwiri zomangidwa pa mipiringidzo ngati makwerero ogonekedwa pansi, ndiye dzina lake lomwelo. Mabawuti anayi, amuna anayi, chapita. Akuti amawolotsa pa Ruo, kutsidyako amisiri amasula makasu ndi mafelemu a zitseko.

Ndakwiya mpaka nsima yandikanika. Pobwerera ndakumana ndi munthu ali ndi khasu latsopano paphewa. Ndaliyang'ana khasulo ngati timadziwana.

Loweruka, 13 Novembala

Ena asanu apita. Akubwera cha kuno tsopano.

Apadiri akuti ali ndi mnzawo ku Kelimane, injiniya wopuma, amene angabwere kudzamuona Dona Roza chaka chamawa. Koma adzaona chiyani ngati njanji yasanduka makasu?

Msonkhano wa atatu. Maganizo a akumpadre: tizule makwerero onse a kutsidya kwa mlatho, makumi asanu ndi limodzi, titsekere m'shedi mpaka zinthu zitakhazikika. Akomadre akana kwamtuwagalu. "Kumpadre, inu mukuona njanji, ife tikuona njira. Mukachotsa, tiziponda pati?"

Mmodzi uku, wina uko. Maso onse pa ine.

Ndati tizule. Ndati ndizika zikhomo mbali zonse ziwiri, zopaka laimu, mamita awiri alionse, ndi manja angawa. Ndati mbala sizigona ndipo mbiri ikapita sibwerera. Ndayankhula bwino, ndikuvomera, ndimadzimva kukoma ndekha. Akomadre angomanga kapulana, chitenje chawo chija, n'kutuluka, tiyi osamwa.

Adzamvetsa.

Lachisanu, 26 Novembala

Yatha. Masiku asanu ndi anayi, kuyambira ku Nakhwale kubwerera cham'mbuyo, titaponda pa mipiringidzo nthawi zonse. Chidutswa chilichonse ndachilemba nambala ndi penti yoyera, 1 mpaka 60, kuti tsiku lobwezeretsa pasadzakhale chisokonezo. Akumpadre akuti ngakhale azungu a kampani sankaganiza mpaka pamenepo.

Zikhomo ndazika. Ndasankha mitengo yaiwisi dala, chifukwa youma chiswe sichichedwa nayo ndipo amayi amazula kukasonkhera moto. Pa chulu, pamene njanji imakhotera kumanzere, ndaziyandikizitsa.

Loko watsopano pa shedi. Kiyi m'thumba mwanga. Msana ukuwawa koma mtima uli m'malo.

Lolemba, 20 Disembala

Mvula tsiku ndi tsiku.

Anthu a ku Nakhwale zikhomo zanga sazikhulupirira. Akuzungulira ku msewu, maola awiri m'malo mwa theka la ola. Ndiye njira ija sakupondamonso aliyense. Zawo zimenezo, ine ndinachita mbali yanga.

Akomadre pa misa dzulo: "Mwadzuka bwanji, Senyoro Sekretariyo." Ndiye kuti bwana mlembi, osati kumpadre. Zandipweteka kuposa momwe ndimayembekezera. Ku msonkhano sanabwerenso. Ine kupita kwawo ndiye ayi, wolakwa si ine.

Wina wandiuza kuti zikhomo zikuphuka masamba ndipo laimu wakokoloka. Ndikazipakanso ikatha Khirisimasi. Pakali pano munda, udzu ukupikisana ndi chimanga. Akumpadre apeza mluzu wa Dona Roza m'phulusa la ofesi. Taupukuta masana onse ndi mandimu, ukuwala.

Lachiwiri, 11 Januwale 1994

Ndinapita ndi chikwakwa ndi ndowa ya laimu. Ndinaima kutsidya kwa mlatho, pomwe njanji imathera. Udzu m'chifuwa. Zikhomo zasanduka tchire limodzi ndi tchire linzake. Ine amene ndinazizika sindinathe kuloza ngakhale chimodzi kupitirira chachitatu.

Ndinaopa. Ndinabwerera.

Loweruka ndidzapita ndi amuna awiri. Pafunikanso kupingasa mtengo pa mlathopo. Ndinaganiza zopingasa lero lomwe, koma mvula inayamba.

Lachinayi, 13 Januwale

Lucinda.

Lamlungu, 16 Januwale

Ndilembe, chifukwa ntchito yanga ndi yomweyo.

Lole inabwera masabata awiri nthawi yake isanakwane. Dzuwa lili paliwombo. Pa fakitale palibe munthu, tonse kuminda. Anatsika yekha, mutu wa makina osokera pamutu, n'kutsata njanji. Itathera kutsidya kwa mlatho anaona kuti nthaka yokwera ikupitirira, anapitirira nayo. Pa chulu, pamene njira imakhotera kumanzere, iye analunjika.

Ndinamva kuphulika ndili ndi khasu m'manja. Ndinadziwa malo ake ndisanawongoke.

Kuti timufikire panalibe njira ina. Kiyi ndinali nditasiya kunyumba, m'malaya a misa. Akumpadre anaswa loko wanga ndi nyundo. Tinakankha makwerero pa ngolo, kuwayala limodzi limodzi m'udzumo, khumi ndi awiri, wina aliyense akuponda pa chitsulo chimene mnzake wangoika. Iye anali atadzimanga yekha mwendo ndi mpango. Sanali kulira. Anangoti kwa ine, bambo wake wa pa ubatizo, "Apadrinyu, njanji yapita kuti?"

Pa njinga mpaka pa malire, kenako chipatala cha mishoni kutsidya. Anadula mwendo wamanzere, pansi pa bondo. Makina aja tawapeza pa chulu, osakandika n'komwe. Ndi opalasa ndi mapazi.

Kalata yachiwiri sindinalembe. Miyezi iwiri, cholembera m'thumba la malaya tsiku lililonse. Ndinalemba manambala makumi asanu ndi limodzi pa zitsulo, ndinalembera injiniya wa ku Kelimane masamba atatu, koma mizere iwiri kwa mwana amene ndinamunyamula pa ubatizo, ayi. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Akomadre akuti anatumiza mawu apakamwa kudzera mwa wogulitsa nsomba wina, sanafike. Kwa ine sakanabwera, tinali osayankhulana. Ndipo ine ndinkadikira kuti ayambe ndi iwo.

Loweruka, 29 Januwale

Makwerero onse abwerera m'malo mwake. Masiku asanu okha, manambala anga anathandiza kwambiri. Wina anandiyamikira pa zimenezo, ndinafuna kumumenya.

Anthu a ku Nakhwale anabwera kudzanyamula nafe popanda kuitanidwa, ndiponso popanda kutipatsa moni. Mabawuti tawaphwanya mitu ndi nyundo kuti asamasukenso. Akanakhala maganizo a mu Novembala amenewa. Anali pafupi chonchi.

Akumpadre akalamba m'masabata awiri. Akuti atula upulezidenti. Ndawauza kuti voti yachiwiri inali yanga, asandilande.

Lachitatu ndinawoloka kupita ku chipatala, ndi nthochi ndi sopo. Ndinafika pakhonde la wodi ya amayi n'kuima pomwepo. Akomadre anatuluka ndi beseni. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Kumpadre, kuno mwabwera kudzawerenga chiyani?" Nthochi analandira.

Anati kumpadre. Njira yonse yobwerera ndimangoganiza zimenezo, ngati chitsiru.

Lachisanu, 18 Febuluwale

Yankho la injiniya lafika. Akuti abwera mu Juni. Ndaliika pansi pa kope, akumpadre sindinawauze.

Ndinapita kukamuona Dona Roza. Mavu abwerera m'chumuni. Ndinkafuna kumuda, ndalephera. Ndimamukondabe, ndipo zikundichititsa manyazi.

Chimanga chamasula.

Lachiwiri, 8 Malichi

Lucinda wabwera lero. Galimoto ya mishoni yamusiya pa fakitale, iye ndi mayi ake. Ndodo ziwiri za m'khwapa. Waonda.

Anayesa kuyenda pakati pa njanji. Ndodo zimakodwa m'mipiringidzo, anagwa kawiri asanafike pa mlatho. Kupatuka sikungatheke, kuzungulira ku msewu n'kutali. Akumpadre anapita m'shedi n'kutulutsa ngolo. Mawilo tinathira mafuta a nsatsi. Akomadre anayala kapulana wawo. Tinamukweza, makina ake pambali.

Ine kumanja, akumpadre kumanzere, kukankha. Ngolo ikulira pa mfundo iliyonse monga kale. Ana a m'njira anayamba kuthamangira ndi kuseka, amayi awo anawaletsa. Pa mlatho akumpadre anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Tonse tinakumbukira mkangano uja wa administradoro ndi apadiri. Woyamba kukwera tinali tikumukankha.

Pa chulu anati tiime. Anayang'ana dzenje nthawi yaitali, mwamera kale udzu. Kenako anapisa m'bulauzi n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi, lothimbirira m'mphepete.

"Apadrinyu, tengani. Ndinachita monga munalembera."

Sanakweze mawu. Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Atatero anati tiyeni, ndipo tinakankha mpaka pakhomo pawo. Akomadre anatipatsa madzi akumwa, tonse awiri, m'kapu imodzi.

Kalatayo ili pano pambali pa kope. Dzanja labwino ndithu. Mizere iwiri ndinadula pansi pa usapatuke ija ikuoneka ngakhale pepala lili chopinda.

Mawa msonkhano wa bungwe. Akomadre atumiza mawu kuti abwera, ndipo kuti ndibwere ndi cholembera. Ku kampu kwatsala mabanja a ku Nakhwale makumi awiri, ndipo ena a iwo ndinawalemberanso makalata chaka chatha, ena mu Okutobala za njanji, ena mu Disembala za zikhomo. Ndikuyesa kukumbukira mayina, kuti tiwalembere kuti njanji yabwerera. Ndafika pa asanu ndi anayi, wa khumi akundithawa.