Scout wa Draconian ndi Nkhuni za Apongozi

Remmy 09:12
asisi mwadzuka bwanji. draconian ndiye kuti chani

Christabel 09:40
ndili mu class ndikuphunzitsa. mawu akulu chonchi wawatola kuti iwe wa grade 9

Remmy 09:41
amake silas alemba pa status ati "ndinakwatiwa ndi scout wa draconian". anapita kwao ku mnkhanya ndi mwana pa sunday, foni yanga sakuyankha

Christabel 10:05
draconian ndi nkhanza zopyola muyeso. chilango chachikulu pa kamlandu kochepa. amatchulira malamulo kapena chilango. eg mwana waba mango iwe nkumudula dzanja

Remmy 10:06
ine sindinadule munthu

Christabel 10:06
nanga unatani

Remmy 10:11
🎤 voice note 1:14

Christabel 10:30
dikira ndimvetse. unapeza azimayi akutola nkhuni mu park, pakati pawo apongozi ako, nkuwalanda nkhwangwa, nkuwayendetsa mpaka ku camp dzuwa lili paliwombo??

Remmy 10:31
lamulo silidziwa apongozi. ma scout anzanga amandiyang'ana, ndikanawasiya akanati ndimakondera

Christabel 10:33
munthu woti mukakumana panjira umapatukira kutchire nkugwada, iwe unamuyang'ana m'maso nkumufunsa dzina

Remmy 10:33
ndi procedure

Christabel 10:34
😂😂 anakupatsa mwana wawo, iwe ati "full names madam"

Christabel 10:36
njovu zikadya chimanga chawo mumabwera mawa lake kudzaona mapazi. nkhuni zouma mumafika ndi mfuti. draconian ndi imeneyo, suiwalanso

Remmy 10:50
kusekako basi asisi. lankhulani nawo plz, inu amakumverani. nyumba yazizira ino

Christabel walowetsa Dolly

Christabel 12:58
mlamu mwaswera bwanji. munthu wanu uyu waphunzira chizungu lero

Remmy 13:00
amake silas pepani. zimene ndinachita zinali draconian

Christabel 13:01
10/10 sentence yabwino

Remmy 13:04
sat ndibwera ndi amalume a jairos ndi nkhuku, tidzapepese kwa amayi

Remmy 13:45
amake silas ndikuona mwawerenga

Dolly 15:20
ndaswera alamu. amayi akuti nkhuku asavutike nayo, angadzanene kuti ndi nkhanga ya mu park nkutimanganso

Remmy 15:21
nanga inu mubwera liti kunyumba

Dolly 15:37
amayi miyendo yatupa ndi ulendo wa ku camp uja. wowatolera nkhuni ndine. mawa 6 koloko mamawa ndili mu park momwemo, silas ali kumbuyo. mubwere mudzandifunse dzina

Dolly watuluka

Remmy 15:40
asisi patrol ya mbali imeneyo mawa ndi yanga

Remmy 16:25
asisi?