Mphini za Amayi Aakulu

Lachiwiri, mwezi wa Juni. Tsiku lowawa, miyendo yatupa.

Mwana wanga Esinati wakula dzulo. Ndinamupeza m'chigafa cha fodya akulira, akuti, "Amayi, ndikufa." Ndinamupatsa nsanza n'kumuuza kuti akasambe. Mawu anandithera pomwepo, chifukwa inenso amayi anga, mkazi wa mkulu wa mpingo ku Mvera, anandipatsa zomwezo basi. Thupi langali ndakhala nalo ngati lobwereka. Ndabereka ana anayi ndisakulidziwa.

Lero ndinalawirira kwa amayi aakulu aNaphiri, kumapiri a Ntchisi, amene anali namkungwi wa mudzi wonse. Anyamata a chipani ananditsitsa m'basi poti ndinaiwala khadi, ndiye ndinakwera mapiriwo wapansi.

Ndinagwada. "Amayi, ndilangizeni, ndikalangize mwana."

"Wachedwa, mwanawe. Ndinabatizidwa chaka chatha. Mikanda ndinataya m'chimbudzi, nyimbo zija ndinalumbira kuti sindidzaimbanso. Ukufuna andidule mumpingo ndili pafupi ndi manda?"

Ndinalira ngati wamasiye. Pondiperekeza, titafika kuseri kwa nkhokwe, anagwira dzanja langa n'kulilowetsa m'kati mwa nsalu yawo. Pamimba ponse mphini, mizeremizere, zokhakhala ngati chitsononkho.

"Izi zokha madzi a ubatizo aja sanachotse," anatero, n'kubwerera osacheuka.

Zala zanga zikuzimvabe, koma tanthauzo lake sindikulidziwa. Esinati wandifunsa kuti agogo anena chiyani. Ndamuuza kuti mawa. Mawalo ndidzakhala naye pamphasa, ndidzatsegula pakamwa, n'kumuuza kuti... kuti chiyani kaya?