Chiwindi cha Nkhuku Zako

Pa Chonde, Mulanje
Ogasiti, 1912

Wokondedwa mlongo wanga Wilson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Halale. Kodi uli bwanji? Chifuwa chija unkadandaula nacho chinatha? Nanga ntchito ya kukhitchini kwa mzungu wako ikuyenda? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga. Amayi ali bwino, kungoti bondo lija limawavuta kukazizira, ndipo chaka chino chiperoni chatikwapula ndithu. Nandolo wabereka. Ana anga akudya ngati dzombe.

Tsopano khala pansi, chifukwa nkhani imene ndili nayo ndi ya mlongo wako Edna, mng'ono wanga.

Edna ali ndi pakati. Uthenga umenewu ukanakhala wovina nawo, koma ukudziwa kuti mimba yoyamba ija anapita padera, ndiye tonse tikuyenda mtima uli m'mwamba.

Kuyambira nthawi yokolola mwanayu anayamba kufooka. Akapita kumtsinje, mtsuko ankautula panjira, akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa. Akati asinje, kungokweza munsi pang'ono basi chizungulire, wakhala pansi. Zikhatho mbee, milomo mbee. Ndiye chakudya chake chokoma chinali dothi la pachulu. Chulu chija cha kuseri kwa nkhokwe yako chatha mbali imodzi, ungati kunabwera oumba mbiya.

Ine ndinati izi sizoonerera. Ndinamugwira dzanja mpaka kuchipatala cha ku Mishoni, tikupumira pansi pa mtengo uliwonse. Adona a kumeneko anamukoka chikope chapansi, n'kundiitana kuti nanenso ndisuzumire. Wilson, munali moyera ngati chinangwa chosenda. Anati magazi amuchepera, ndipo mayi wotere pobereka ndi pamene timamutaya. Anamupatsa kabotolo ka mankhwala owawa, koma anati enieniwo ali mumphika: chiwindi, mazira, nandolo, matemba, ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso, tsiku ndi tsiku. Dothi asiye.

Masamba ndi nandolo sizinavute. Nkhondo inayambira pa dzira. Amayi atamva anagwira pakamwa, nati chichokereni kwawo kuseri kwa phiri sanaonepo wapakati akudya dzira, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ndinawafunsa kuti ndi mwana uti anabadwa atapesa, ndiponso kuti amalume athu aja anali ndi dazi lowala chonchija, kodi amayi awo anadya mazira angati. Anandiyankha m'Chilomwe mawu amene sindingalembe papepala. Za mazirazo ndinazisiya kaye.

Tsopano ndikuuze za nkhuku zako. Unandisiyira kuti ndizikusungira, ndipo zinaswana mpaka khola kudzaza. Ndinayamba kugwira imodzi imodzi, kudula, kusosola, n'kukapereka kwa Edna kuti aphike, chiwindi adye. Sindinakupemphe, inde. Ukanakhalapo mpeniwo ukanagwira ndiwe.

Mwezi unatha, khola likupepuka, koma Edna ali chimodzimodzi mbee. Ndinayamba kukayikira adona aja. Amene ankasintha anali mwamuna wake, alamu athu a Isake. Ukukumbukira mmene unawasiyira, owonda ngati mpini wa khasu, nthiti zili poyera chifukwa cha thangata la kumunda wa tiyi. Lero sungawadziwe. Khosi linalowa m'mapewa, masaya akuwala ngati adzola mafuta a nsatsi, malaya aja anakwatira nawo mabatani akulira. Anzawo kuntchito akuwatcha kapitawo, mzungu asanawakweze. Ine ndi mtima wanga woyera ndinkangoti ukwati wawayanja.

Tsiku lobwerera kuchipatala a Isake anatiperekeza, ali patsogolo ndi ndodo yawo ngati bwana. Adona anakoka chikope cha Edna n'kupukusa mutu. Kenaka anawayang'ana alamu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwauza kuti awerame. Anawakoka chikope nawonso. Psuu, ngati tsabola wakupsa. Adona anandifunsa kuti pa awiriwa wodwala amene ndinabwera naye ulendo watha anali uti. Anthu onse pakhondepo anaseka, ngakhale amene anabwera ndi zilonda. Ine ndinasowa poyang'ana.

Panjira ndinawapanikiza onse awiri, ndipo zinatuluka. Edna nkhuku ankaphika bwinobwino, n'kutenga chiwindi ndi nthutumba kuika m'mbale ya mwamuna wake, monga anamulangizira anankungwi. Iye ankangodya khosi ndi msuzi. Nthawi yonseyi ine ndikupha nkhuku zako, ndinkanenepetsa munthu wosadwala.

Ndinatembenukira kwa alamu nditakwiya. Iwo anati sanapemphepo. Chimene mkazi waika m'mbale mwamuna sabweza, kubweza ndi kumunyoza. Anatinso m'mudzi mwa eni ake muno iwo alibe munda, alibe mtengo, ngakhale ana amene adzabereke adzakhala a mbumba ya Wilson. Chimene chimaonetsa kuti m'nyumbamo muli mwamuna ndi kachiwindi komweko, ndipo anzawo akamva kuti kakudyedwa ndi mkazi adzati anawadyetsa khuzumule. Ankayankhula misozi ili lengelenge, dzanja likusisita mimba.

Mawa lake tili kudimba ndinamukalipira Edna payekha. Analira. Anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. A Isake akachita manyazi adzapinda mphasa yawo n'kubwerera kwawo, iye n'kutsala ndi mimba ndiponso dzina loti mkazi wolanda mwamuna chiwindi. Anati bola chizungulire. Apa kuseka kunandithera, ndinachita mantha. Ndinaona kuti mwanayu angathe kufa ndi ulemu wakewo.

Ndinaganiza ndikuthyola nandolo mpaka mutu kuwawa. Kodi pakwathu chiwindi n'cha ndani? N'cha mwamuna mwini chiweto. Nanga nkhukuzi ndi za ndani? Ndi zako. Ndipo chimwalirireni amalume mwini mbumba ndiwe, ngakhale ndinkakubereka kumbuyo ukundinyowetsera nsalu. Ndiye kuti a Isake akhala akudya gawo lako, iwe ukumeza mate ku Halale.

Tsopano imva chimene ndachita. Lasabata lina titaweruka kutchalitchi ndinasonkhanitsa amayi, Edna ndi alamu. Ndinawauza kuti pamsika ndakumana ndi munthu wochokera ku Halale, wopita kwawo kuseri kwa phiri, amene iwe unamutuma mawu. Ndinati wanena kuti chiwindi cha chiweto chako chilichonse n'chako, ndipo gawo lakolo wapatsa mlongo wako Edna kuti azikudyera mpaka mwana atabadwa n'kuyamba kuyamwa.

Munthuyo kulibe, Wilson. Ndinamuumba ndekha, ndinamuveka ndi chipewa chomwe. Ndinanama tsiku la Mulungu nyimbo zikadali pakamwa, ndipo chisoni sindikumva.

Amayi anati mawu a mwini mbumba sabwezedwa. A Isake anati ngati n'cha alamu awo iwo salimbana nacho, ndipo pamenepo palibe angawaseke. Ndinaona ngati nawonso apepukidwa, ngakhale anameza mate momveka. Popeza ndinali nditayamba kale, ndinawonjezera kuti watchulanso mazira a nkhuku zako. Amayi anangoti chabwino, mwana akadzabadwa ndi dazi adzamutcha Wilson.

Tsiku loyamba Edna anadya atatembenukira kukhoma, akupepesa mwamuna wake. Masiku ano amadya akusuzumira mumphika ngati mwatsala china.

Ndipo zikuoneka. Milomo yayamba kubwerera mtundu wake, dzulo wafika ndi mtsuko kuchokera kumtsinje osatula. Kuchulu sapitanso. Adona anamuona sabata yatha, anati kwayamba kucha koma ulendo ukadalipo, asaleke ngakhale pang'ono miyezi yatsalayi. A Isake khosi layamba kutulukanso. M'khola mwatsala tambala ndi timisoti tochepa, ndiye tonde wako uja ndayamba kumuyang'ana, nayenso wayamba kundithawa. Kumbukira kuti unati chiweto chilichonse.

Vuto ndi ili. Kaya ndi kuyamikira kaya ndi kukayikira, a Isake atuma mawu kwa akulu awo a Sungani, amene mumagona komboni imodzi kumeneko, kuti akakuthokoze ndiponso akakufunse bwino za mthenga uja. Amene watenga mawuwo wanyamuka kale wapansi ndi gulu lopita kukafuna ntchito. Kalata iyi ndikuthamanga nayo ku Boma kuti imupitirire panjira.

Ine ndimakudziwa iwe. Sukulu inakulowa kwambiri. Ukafunsidwa umakanda mutu n'kumanena zoona zokhazokha ngati uli pamaso pa abusa. A Sungani akabwera, chonde usayambe zako zija zoti mthenga uti, ndinamutuma liti. Uvomere. Unene kuti unatumadi, dzina waiwala, anali wachipewa. Ukangodabwa, mawu abwerera kuno, a Isake achita manyazi kawiri, ndipo Edna abwezera chiwindi m'mbale yawo. Akatero ine sadzandimveranso, ngakhale nditagwada.

Usaope tchimo, limenelo ndasenza kale ine. Chimene ndikukupempha n'chakuti unene lero mawu amene ukanawanena wekha ukanaona chikope chija. Ndakulembera za mvula, za ukwati, za maliro a amalume, zonse dzanja langa linapirira. Koma ya maliro a Edna sindingathe kuilemba, Wilson. Usandilembetse.

Upereke moni kwa onse a kwathu amene ali kumeneko, ndi kwa a Sungani omwe, koma utatha kuwayankha. Amayi akuti uzifunda. Edna akuti ndikuthokozere kwambiri, akuti sankadziwa kuti mlongo wake amamuganizira chotere. Mulungu akusunge pantchito yako, akutsogolere lilime, ndipo adzakubwezere kuno udzamunyamule wekha mwana wa mlongo wako.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Anne