Madzi Akaoneke ku Ndime Yomaliza

Mzuzu
14 Seputembala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga amayi, chifuwa chija chinatha? Ine kuno ndili bwino, kupatula kuzizira kwa Mzuzu komwe sikudziwa kuti Seputembala anafika kale.

Ndalemba papepala chifukwa ndikukudziwani. Pa foni mumangoti tili bwino, tili bwino, kenako n'kupereka foniyo kwa amayi. Achimwene a Eliya akuwerengereni pang'onopang'ono, ndipo asadumphe mzere ngakhale umodzi.

Ndiyambe ndi chimene chandilembetsa. Achimwene andiuza kuti chiikireni komiti ya sikimu zoyezera madzi zatsopano pa geti lalikulu, inu mwasiya kuyenda m'ngalande m'mawa. Akuti pamsonkhano anakuthokozani, n'kukuuzani kuti mupume popeza manambala a pageti ndi okwanira, ndipo inu munangovala chipewa n'kubwerera kunyumba. Andiuzanso kuti ndime ya a Gracian, yomaliza ija ya kumunsi, yayamba kuchita ming'alu pamene mpunga uli pafupi kutulutsa ngala. Akuti mukudziwa, koma mwangoti phee pakhonde. Zandipweteka mtima, Bambo. Ndisanapemphe chimene ndikufuna, mundilole ndikuuzeni zomwe zandichitikira kuntchito.

Tsiku lomwe ndinkakwera basi pa Sharpevale munandifunsa kuti ndi ntchito yanji yoti munthu azingokhala pampando n'kumayang'ana galasi lakuda. Ine ndinangokwera basi n'kumapita. Lero yankho ndili nalo.

Kampani yathu ndi yaing'ono, tilimo anthu asanu ndi awiri. Timatumiza mameseji kwa amayi a m'midzi kuwakumbutsa tsiku la sikelo ndi la katemera wa ana. Mapulogalamu ochita zimenezi amakhala m'kompyuta yaikulu imodzi, koma iliyonse imatsekeredwa payokha kuti isasokoneze inzake. Malo otsekerawo timawatcha kontena. Muwaganizire ngati ndime za kusikimu: iliyonse ili ndi malire ake, koma zonse zimamwa ngalande imodzi. Ina imalandira mayina, ina imaona masiku, ndipo yomaliza ndi imene imatulutsa meseji kuti ikafike pa foni ya mayi.

Pagalasi langa lakuda lija palibe zithunzi. Ndimalemba mawu, kompyuta n'kundiyankha ndi mawu. Ndikalemba kuti docker ps, imandionetsa makontena onse pamzere, ndi kundiuza ngati iliyonse ili moyo. Limenelo ndiye geti lathu lalikulu.

Lolemba lapitalo netiweki inaduka kwa kanthawi cha m'ma 11 koloko m'mawa, kenako n'kubwerera. Lachiwiri a Raymond, omwe ndi wamkulu wathu pa zamakompyuta, anayang'ana mzere uja n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Analidi ndi chifukwa chonenera choncho, pakuti makontena onse ankaonetsa kuti ali moyo.

Koma ine ndine mwana wanu. Ndinakula ndikumva kuti madzi sayamikiridwa pageti, amakaoneka ku ndime yomaliza. Choncho ndinapita ku kontena yotumiza mameseji ija, n'kulemba kuti docker logs kuti ndiwerenge zomwe yakhala ikunena. Imeneyi ndi yolongolola, Bambo, kuposa azakhali a ku Nzama. Meseji iliyonse ikatuluka imalemba mzere. Tsiku limenelo mzere womaliza unali wa dzulo lake, nthawi yomwe netiweki inadukira. Chiyambire pamenepo, zii. Inali moyo, koma sinkagwira ntchito.

Ndinawauza a Raymond chapansipansi. Iwo osatembenuka n'komwe anati masiku ena amakhala opanda mameseji ambiri, ndisade nkhawa. Apa m'pamene ndinalakwa. Ndinakhala chete. Ndinaganiza kuti ndine wobwera kumene, ndidakali pa miyezi yoyesedwa, ndipo iwo ndi a msinkhu wa amalume. Inu ndi amayi munandilera kuti wamkulu satsutsidwa pagulu. Ndinatseka kompyuta n'kupita kunyumba.

Lachitatu m'mawa kontena ija inali chikhalire chete. Ndiye ndinakumbuka Lamulungu lina ndili wamng'ono, pamene apampando akale a sikimu ankalimbikira kuti madzi akukwana. Inu simunakangane nawo. Munangowapempha kuti akuperekezeni, ndipo munawayendetsa ndi suti yawo ya kutchalitchi mpaka kumunsi, n'kuwapempha kuti apise chala m'nthaka. Anabwerera nsapato zili mbuu, geti n'kutsegulidwa tsiku lomwelo.

Ndinachita chimodzimodzi. Ndinanyamula laputopu yanga, n'kukaiika pa tebulo la a Raymond, ndi kuwapempha kuti andithandize kuwerenga chifukwa mwina ine sindikuona bwino. Anawerenga, anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso. Kenako ananyamuka okha kukaitana abwana.

Zinapezeka kuti netiweki itaduka, kontena ija inataya njira yake yofikira ku mafoni, ndipo inangokhala n'kumadikira osadandaula. Kuikonza sikunatenge ndi mphindi zisanu zomwe. Titaidzutsanso, mizere inayamba kutsika pagalasi ngati madzi geti likangotsegulidwa. Koma amayi opitirira mazana anayi anali asanakumbutsidwe, ena mwa iwo tsiku lawo linali lomwelo. Tinakhala pa mafoni mpaka masana kuimbira alangizi a zaumoyo mmodzimmodzi. Ana ena anaphonya ndithu, awasunthira sabata ino. Ndikanalimbikira Lachiwiri, sakanaphonya.

Abwana athu ndi mayi Samira. Mungadabwe, kwawo ndi ku Nsipe, kufupi ndi kwathu konko, bambo awo ali ndi golosale m'mbali mwa msewu. Atandiitanira mu ofesi ndinaona ngati basi yobwerera kumudzi yafika. Anandifunsa kuti ndinaona liti vutolo. Bodza linali pafupi, koma ndinanena zoona kuti Lachiwiri. Anandidzudzula popanda kuzungulira. Anati ulemu woti mwana aphonye katemera iwo sakuufuna pakampani pawo, ndipo ndikadzaonanso chinthu ndidzachinene mpaka chimveke, ngakhale wotsutsayo atakhala iwo amene.

Atatha anandifunsa kuti anandiphunzitsa ndani kuyambira kumapeto, poti kusukulu saphunzitsa zimenezo. Ndinawauza za inu, za zaka makumi awiri zomwe mwayenda m'ngalande dzuwa lisanatenthe, ndi za suti ya apampando. Anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti anthu a kuchigwa kwathuko amawadziwa, sagonja msanga.

Tsopano m'mawa uliwonse ntchito yoyamba ndi yanga: kuyendera makontena onse kuyambira ku yomaliza kubwerera kumtunda. A Raymond alemba kapulogalamu kotichenjeza ina ikakhala chete kwa ola lathunthu, komabe ine ndimakaona ndi maso anga. Mu ofesi monse, ngakhale anzanga Achitumbuka omwe sanapondepo m'munda wa mpunga, ntchitoyi akuitcha kuyenda m'ngalande. Za miyezi yoyesedwa ija, mayi Samira sananene zambiri, anangoti ndisavutike kulongedza katundu. A Raymond nawo sanapepese ndi pakamwa. Lachinayi ndinapeza phava la nthochi pa tebulo langa, ndipo ndinaseka ndekha chifukwa ndi mmenenso inu mumapepesera kwa amayi.

Zina za kuno ndi zazing'ono. Denga la chipinda changa limadontha pakona, eni nyumba akuti akonza mvula isanayambe. Chitumbuka ndayamba kumva, koma ndikayankhula azimayi a pamsika amaseka n'kundiwonjezera tomato chifukwa cha chisoni. Mpunga wa ku Karonga ndaulawa. Ndi wonunkhira, sindikana, koma musadandaule, ndawauza onse kuti sanadye wa bambo anga.

Pempho langa ndi limodzi, Bambo. Tengani chipewa chanu mubwerere m'ngalande. Sindikunena kuti mukalimbane ndi komiti, kapena kuti zoyezera zawozo n'zoipa. Zimanena zoona za pageti, monga momwe mzere wathu uja unkanenera zoona kuti kontena ili moyo. Koma sizingaone ngalande yokwiririka kapena pamene madzi akuthawira, ndipo sizidziwa kuti a Gracian ali ndi ana asanu odalira ndime imeneyo. Kaitaneni apampando atsopanowo mwaulemu wanu womwe uja, muwaperekeze kumunsi, akapise chala m'nthaka. Bondo likavuta, achimwene akukwezeni panjinga.

Ndikudziwa kuti anakukhumudwitsani, ndipo ine ndemwe ndinakwiya nditamva. Koma ine ndinakhala chete tsiku limodzi lokha, ana n'kuphonya katemera. Katemerayo amusunthira sabata ina. Mpunga ukauma pa nthawi ya ngala, palibe sabata ina yoti n'kuusunthirako. Paja mumati pakadafunda padajiwitsa galu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi lija ndikuvala tsiku lililonse. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa azakhali a ku Nzama, koma za kulongolola zija musawauze. Moni kwa amalume ndi onse a kutchalitchi. A Gracian muwauze kuti ndikuwakumbukira m'mapemphero.

Ndimayamba ntchito 7 koloko. Tsiku lotsatira kalatayi ikawerengedwa, ndikamatsegula galasi langa lakuda kuti ndiyambire kumapeto, ndidzakhala ndikuganiza kuti nanunso muli kumunsi, mwaima pa ndime yomaliza. Mukabwerako mundiimbire, ndipo ulendo uno foni musaipereke kwa amayi musanandiuze ngati madzi afika.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Loyce