Utsi Woyera wa m'Juni

Lolemba, 9 Juni

Amene adzatole kope ili andikhululukire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Zilembo zanga n'zokhota, mawu ena ndimangolemba mmene ndimawamvera, ndipo zala zauma ndi chisanu. Ndikulemba chifukwa zam'mutu zandichulukira, woti ndimuuze ndilibe.

Galimoto ikumwa madzi. Pikapu yanga yakale yonyamula kachewere. Lero kuchokera kuno ku Chongoni kukafika pa Linthipe, zigubu ziwiri. Ndinagwada n'kusuzumira pansi: pouma. Mapaipi ouma. Nanga madziwo akupita kuti?

Mkazi wanga Flossie ndi woyembekezera. Mwana wathu woyamba, Jestina, anabadwa pa opaleshoni. Wachiwiri tinamutaya panjira, pa njinga yamoto, chaka chomwe ndinalibe galimoto. Anesi sanabise: ulendo uno akachirire kuchipatala cha ku boma, asachedwe panjira. M'mudzi muno galimoto ndi imodzi, yomweyi.

Lachitatu, 11 Juni

Madalaivala anzanga pamsika anati ndiswere dzira mu rediyeta, thanki ya madzi oziziritsa injini, limatseka pobooka. Mazira kunyumba ndi mbwee, poti apongozi anamuletsa Flossie kudya, ati mwana angabadwe wopanda tsitsi. Ndinaswera awiri.

Mlamu wanga Elena, mng'ono wake wa Flossie, anandipeza ndili ndi zigoba za mazira m'manja. Anati, "Alamu, galimoto ikudya bwino kuposa mkazi. Mawa muiphikire tiyi." Ndinaseka nawo.

Sizinathandize. Chigubu china pobwerera.

Loweruka, 14 Juni

Dzulo pachikweza muvi wa geji ya kutentha kwa injini unafika pofiira. Ndinaima ola lathunthu, matumba khumi kumbuyo, ogula akudikira. Lero ndapita nayo kwa a Petulo, makaniko achikulire a pa Linthipe, amene amakonzera pansi pa mtengo kuseri kwa chigayo.

Sanagwire sipanala. Anadikira injini izizire, n'kutsegula chivindikiro cha rediyeta, n'kuti ndilize. Madzi thovu, thovu, osaleka. Anatsegula pothirira oyilo n'kundionetsa: phala lotuwa ngati tiyi wamkaka. Kenako anapita kumbuyo, kuika dzanja pa ekizozi. Linanyowa.

"A Zikhalo, utsi woyerawu unayamba liti?" Ndinati si chisanu kodi? Kwathu kuno m'Juni galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi m'mawa, ngakhale ng'ombe, ngakhale munthu. Iwo anati, "Wa chisanu umatha injini ikatentha. Taonani dzuwa, lili pamutu."

Manyazi. Utsiwu ndauona kuyambira m'Meyi. Tsiku lililonse ndimauona pagalasi, tsiku lililonse ndimati kwazizira.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Pakati pa hedi, ndiwo mutu wa injini, ndi injini yapansi pali gasiketi, ndiyo imalekanitsa madzi, oyilo ndi moto. Yanga yapsa. Madzi akulowa mmene mumayaka petulo n'kutuluka ngati nthunzi, n'chifukwa chake pansi pamakhala pouma. Za mazira anangopukusa mutu.

Galimoto yagona komweko. Ndabwera pa kabaza.

Lolemba, 16 Juni

Tamasula hedi. Gasiketi yodyeka pakati pa bowo lachiwiri ndi lachitatu, mabowo oyakamo petulo aja, pang'ono chabe, ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Kanthu kakang'ono chonchi. Pisitoni imodzi yoyera ngati mbale yotsuka, zinazo zakuda. Ati ndiyo imamwa madzi ija.

Kenako a Petulo anagoneka rula yachitsulo pa hedi n'kulowetsa lezala pansi pake. Linadutsa. Hedi inapindika ndi kutentha kwa Lachisanu lija.

Njira ziwiri. Kuika gasiketi yatsopano pa hedi yopindikayo, mawa ndikhala pamsewu, koma ikhoza kupsanso pakatha mwezi, kapena sabata, kapena pachikweza choyamba. Apo ayi, kupita nayo hedi ku Lilongwe akaipale pamakina, masiku atatu kapena anayi opanda galimoto. Anati, "Ine sindikusankhirani. Inu ndinu mukudziwa zomwe ikanyamule."

Njira yonse yobwerera ndimangoona chinthu chimodzi: Flossie ali kumbuyo akubuula, muvi uli pofiira, ine ndili ndi chigubu m'manja.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndimafuna kudziwa kuti masiku atsala angati. Mkamwini safunsa apongozi zoterezi, ndiye ndinatuma Elena. Yankho linabwera: "Zimenezo si za amuna. Mwezi ukadalipo."

Buku lakusikelo likuti 10 Julayi. Ndawerenga katatu ndi chala. Ndinamupempha Flossie kuti apite akayambe kudikirira kuchipatala panopa. Anati kachewere sanathe kukumba, ndipo mayi ake sangasiye munda kukamukhalira. Adzapita mwezi ukatha. Anaseka n'kuti, "Bambo a Jestina, inu mumada nkhawa ngakhale ndi mvula ya chaka chamawa."

Mwina akunena zoona. Masabata atatu alipo. Ndasankha kukapalitsa hedi, chinthu chikonzeke kamodzi.

Lachinayi, 19 Juni

Lilongwe. Ndinafika dzulo, hedi ili m'thumba la feteleza. Magetsi kulibe, makina ali chete. Lero abwera masana, koma patsogolo panga mahedi asanu ndi limodzi. Akuti mawa m'mawa. Ndikugona kwa msuweni wanga.

Ndinaimba foni cha m'ma 10 koloko. Anayankha Elena. "Zonse zili bwino, alamu, ali kudimba." Basi. Sanandinyoze, sanafunse ngati galimoto yadya. Elena sanayambe wadulapo foni osandiseka.

Ndaimbanso kawiri. Siikupezeka. Netiweki ya kwathu ndi choncho, ndikudziuza.

Lamulungu, 22 Juni

Ndikulemba pabenchi, pakhonde la chipatala.

Lachisanu ndinafika kunyumba masana ndi thumba langa paphewa. Chitseko chokhoma. Jestina kwa aneba. Mayi a pamenepo ndi amene anandiuza.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa. Nthawi imene ndimalankhula ndi Elena, Flossie anali m'nyumba ya mayi ake, amayi atatu atamuzungulira. Mwamuna sauzidwa mpaka zitatha. Anayesa okha mpaka dzuwa litapendeka. Atalephera anamukweza pangolo mpaka kumsewu wa tala, n'kuimitsa lole. Maola atatu. Pa galimoto yanga ndi mphindi makumi anayi.

Chilonda chakale cha opaleshoni chinang'ambika m'kati. Amuchotsa chiberekero, amuika magazi. Ali moyo. Dzulo anatsegula maso, anandiyang'ana, anatsekanso. Mwana ndi wamwamuna. Ali m'chipinda china, timachubu m'mphuno. Tsitsi lambiri, lakuda bii.

Ndikanaika gasiketi yokha ija, Lachiwiri galimoto ikanakhala pakhomo, ine ndili pomwepo. Sakanatha kundibisira. Kapena ikanapsa pachikweza. Ndazungulira mawu awiriwa masiku awiri, sindikutulukamo.

Apongozi akhala kumapeto kwa khonde, nkhope kukhoma. Mwambo umati tisayang'anizane. Sindinauthokozepo mwambo umenewu ngati lero.

Elena anabwera ndi madzi akumwa, anaima pafupi nthawi yaitali. Anati, "Alamu, mawu anali pakamwa. Amayi anali pambali panga." Ndinalandira kapu. Sindikudziwa ngati ndamukwiyira.

Hedi ili pansi pa benchi pano, ndinaiwala kuitula. Ndinaisuzumira m'mawa: yosalala, yowala, nkhope kuoneka. Lezala silingadutse. A Petulo aimba, sakudziwa kanthu. Ati ndibwere nayo mawa, timange mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, isadzapindikenso. Ndinangoti chabwino.

Injini ikadali yotsegula pa Linthipe, tinaifunditsa chiguduli. Flossie sanauzidwe za chiberekero, ndipo adokotala akuti ndikhalepo pomuuza. Mwana sanalirebe, sanayamwe. Dzina sitinamupatse.