Dzina Limene Mulibe M'ndandanda

Kafue,
9 Okutobala 1994

Achimwene Siabbalo,

Muli bwanji kumeneko ku Siamwiinga? Mwendo uja unapola? Ife kuno tilipo, kungoti kufakitale ya nsalu atidula masiku ogwira ntchito, ndipo madzi pampopi akutuluka mwa apo ndi apo.

Kalata yanu ndinalandira, pamodzi ndi ndandanda ya anthu a m'mudzi. Mwalemba bwino ndithu. Mwayambira pa agogo Mukamaambo, amene anakwezedwa pa lole pamodzi ndi anthu 112 chaka chimene madzi a Kariba anameza mudzi wakale. Mwalemba amene anafa ndi kamwazi atangotsitsidwa ku Lusitu, amene anathawa njala, amene anakakwatiwa kumtunda. Lero mwatsala asanu ndi awiri, nkhalamba zokhazokha. Ndiye mukuti nditumize mwana wanga Choolwe adzalowe dzina la malemu mayi, chifukwa popanda mkazi wa mtundu wathu madimba a m'mbali mwa mtsinje awatenga a Siankope a mudzi woyandikana nanu, mudzi wathu n'kuthera pomwepo.

Ndawerenga ndandandayo katatu. Ngakhale amisala alimo, koma Miyoba mulibe.

Mwina mwaiwala, ndikukumbutseni. Miyoba anali mwana wanga woyamba, wa miyezi inayi. Atadwala chikuku ndinagwada pakhomo panu kupempha ngolo yopitira kuchipatala. Munayankha kuti ng'ombe zili ndi ntchito kudimba, chinyontho sichidikira munthu. Ndinamubereka kumbuyo, ndipo anazizira ndisanaoloke mtsinje. Amayi anamukwirira kuseri kwa nyumba, popanda ng'oma, popanda maliro. Nditayamba kulira azakhali anandiwomba khofi, akuti wopanda mano sanakhale munthu, salilidwa. Inu madzulo ake munandifunsa ngati ndatunga madzi.

Madimba amene munawasankha tsiku lija ndi omwewa mukundilirira lero. Choipa chitsata mwini, achimwene. Sindibisa, nditawerenga kuti mwatsala asanu ndi awiri mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

Ana aakazi ndili nawo atatu, onse a mano okhaokha. Choolwe ali ndi pakati, miyezi isanu. Ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ikuwawani, n'chifukwa chake ndakuuzani. Onse atatu ndinawauza kuyambira ali aang'ono kuti kwathu kunamira m'nyanja, sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Choolwe ataona envulopu yanu anandifunsa kuti Siabbalo ndani. Ndinamuuza kuti ndi munthu wina wogulitsa mbuzi, ndipo sanafunsenso.

Pempho langa ndi limodzi. Musathamangire kulemba Miyoba tsopano poti mwasowa anthu. Tengani cholembera mufufute dzina langa, ndipo a Siankope akabwera muwaonetse malire bwinobwino, pamodzi ndi kamulu kali kuseri kwa nyumba ya mayi, kuti khasu lawo lisadzapitepo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa amalume, ngati akumvabe. Azakhali muwauze kuti tsaya lija linapola. Ndamva kuti mano awo onse anatha m'kamwa, choncho tsiku lawo likadzafika musadzavutike ndi ng'oma.

Tsalani bwino, asanu ndi awiri nonse.

Ndine amake wa amene simunamuwerenge,
Bina Miyoba